Chitsime cha Pansi pa Thandala

Dzuwa la kumapeto kwa chilimwe linali litawotcha mpaka agalu anasiya kuuwa. Masana aliwonse mitambo inkasonkhana kum'mawa, n'kuda bii, kenaka n'kubalalika osagwetsa ngakhale dontho. Anthu ankayang'ana kumwamba kupempha mvula. Mabotolo ankayang'ananso kumwamba, koma iye ankapempha kuti idikire pang'ono. Ntchito yake inkafuna kuti azungulire zitsime zonse za kumtaya nthaka isananyowe, chifukwa mvula yoyamba ikagwa pa phiri la zinyalala imatsuka zonse zimene zakhala zikuwola chaka chonse n'kuzikankhira pansi. Kuti udziwe zimene mvula yabweretsa, uyenera kudziwa kaye zimene zinalipo isanagwe.

Dzina lakuti Mabotolo anamupatsa ndi anthu a m'makwalala a kumunsi kwa mtaya, chifukwa cha bokosi limene ankamanga kumbuyo kwa njinga yake. Njinga ikagunda mwala, m'bokosimo munkalira ngwerengwere. Poyamba ankakwiya nalo dzinalo. Kenaka anayamba kuvomera, ndipo pamene imvi zinkamera, ngakhale akuntchito kwake ankamuitana choncho.

Mtaya unali kumtunda kwa tauni. Kale panali dzenje lokumbamo miyala. Magalimoto anathiramo zinyalala mpaka linadzaza, n'kupitirira, n'kusanduka phiri lofuka utsi, la akhwangwala ndi mapepala ouluka. Kuzungulira phirilo, ofesi yoyang'anira madzi inakumba zitsime zimene munthu samwa. Chilichonse chinali paipi chabe yotuluka m'simenti, yolekeza m'bondo, ya chivindikiro chachitsulo ndi loko. Chimodzi chinali kumtunda, kumene madzi apansi amachokera. Zina zinandandalika kutsetsereka, kulowera kumene kuli nyumba za anthu. Makiyi a zonsezo anali pa chingwe m'khosi mwa Mabotolo.

Kuofesi zitsimezo zinali ndi manambala, koma iye ankazitchula ndi zimene zinali pambali pake: cha pamtengo wouma, cha kuseri kwa mpanda, cha pamphambano, cha pauvuni wa njerwa. Akafika ankatsamiritsa njinga, kuvala magolovesi, kutsegula loko, n'kutsitsa tepi yoyezera kuya mpaka ikhudze madzi. Ndiye ankayamba kupopa. Madzi oyamba sankawatenga. Amenewo ndi madzi ogona m'paipi, akhala miyezi ali phee, sadziwa zimene zikuchitika m'nthaka. Iye ankati madzi oyamba ndi abodza. Ankawapopera mumgolo umene unkakhala pambali, mpaka mkono kuwawa, kufikira atabwera madzi atsopano ochokera m'nthaka momwe. Amenewo ndiye ankadzaza m'botolo mpaka pakamwa kuti musatsale mpweya, kutseka, kulemba tsiku, n'kuligoneka pakati pa madzi oundana m'bokosi. Madzulo ankapereka mabotolowo kwa mayi wa kunyumba yoyezera madzi, amene ankawalandirira pawindo.

Ntchito yake inali yomweyo, dzinja ndi chilimwe, kuyambira ali mnyamata wa ndevu zowerengeka. Ndipo pa zaka zonsezo anaona chinthu chimodzi chikuyenda. Chinayambira pamtengo wouma: madzi a pamenepo anasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, onunkha ngati khola losasesa. Patapita madzinja angapo chinafika kuseri kwa mpanda. Kumeneko madzi anali oyera mbee m'maso, koma kachipangizo koyezera mchere kanaloza pamwamba, ndipo mayi wa pawindo anapukusa mutu. Kenaka pamphambano. Chinthucho chinkayenda pansi pa nthaka ngati nkhalamba ya ndodo, koma nkhalamba yosagona, yosakhala pansi kuti ipume. Chaka chathacho chinali chitagogoda pauvuni wa njerwa. Kupitirira pauvuni kunalibenso paipi ya ofesi. Kunali nyumba, ndi zitsime zokumba pamanja m'mabwalo a anthu.

Ofesi inalamula kuti ayambe kuyeza za m'mabwalozo, koma pokhapokha mwiniwake atalola. Oyamba analola, n'kumupatsa mpando. Patapita milungu kunabwera galimoto. Amuna anathira simenti pakamwa pa zitsime zija, n'kupakapo utoto wofiira, n'kuuza anthu kuti azikatunga pampopi wa kumsewu waukulu, kumene mzere wa zidebe umayamba kunja kusanayere. Anthu anaona zimene anaona: kumene Mabotolo walowa, chitsime chafa; kumene sanalowe, chitsime chili moyo. Nzeru inabwera yokha. Akangomva ngwerengwere pangodya, amayi ankakokera lata pachitsime, n'kuikapo beseni la zovala, kapena mphika wa maluwa. Wina anamanga khola la nkhuku lonyamulika.

"Muli ndi chitsime pano, mayi?"

"Chitsime? Abambo inu, ife timamwa mame."

"Nanga chingwe chonyowacho?"

"N'cha mbuzi."

"Mbuziyo ili kuti?"

"Inamva kuti mukubwera."

Ankaseka nawo, chifukwa zinali zoyenera kuseka, n'kukwera njinga. Pamaliro ankamusiyira malo okwana anthu awiri. Kometera, akangolowa, nkhani inkasanduka ya mpira. Mkazi wake anali atachoka kalekale, m'zaka za chitsime cha pamtengo wouma. Anati fungo la kumtaya lalowa mpaka m'pilo, ndipo sanamunamizire. Mwana analibe. Ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, mmene munali bedi, mbaula, wailesi yolankhula ikamenyedwa, ndi mzere wa mabotolo otsukidwa pawindo, ozondoka, akuuma. Dzuwa likamalowa linkadutsa m'mabotolomo n'kujambula timizere pakhoma. Ankadya akuyang'ana timizereto mpaka titazimiririka.

Nyumba imodzi yokha ndi imene sinkamutchula Mabotolo. Inali ya achemwali ake, kutsika pang'ono kuchokera pauvuni wa njerwa. Achemwali akewo anali amasiye, ochapira anthu zovala, ndipo ana awo anakula n'kubalalikira kumatauni ena. Ndiwo ankamubereka kumsana mayi awo akadwala, ndipo mpaka imvi zimenezi ankamuti "iwe", n'kumukalipira chifukwa cha kolala yakuda. Lamulungu lililonse masana ankapita kumeneko, kukhala pakhonde, kumva za nyamakazi yawo ndi za ana osaimba foni.

Pabwalo pa achemwali panali chitsime chimene bambo awo anakumba. Mabotolo ankachidziwa kuposa chikhatho chake. Ali wamng'ono ndiye ankaima pamwamba kukoka ndowa za dothi, bambo ali pansi akuimba, mawu awo akucheperachepera tsiku ndi tsiku, mpaka m'mawa wina anakuwa kuchokera mumdima kuti, "Tsitsa kapu!" Chitsimecho sichinaphwepo, ngakhale chaka chimene mtsinje unasanduka msewu wa mchenga. Zitsime za anansi zitatsekedwa, khwalala lonse linkatunga pamenepo. M'mawa uliwonse bwalo la achemwali linkadzaza ndi zidebe, miseche ndi phwete.

Koma kuyambira m'miyezi yozizira, Lamulungu lililonse ankapeza pamalo a chitsimepo pali thandala la mbale. Linali thandala latsopano, la miyendo yosakumbira pansi, ndipo pansi pake panali lata lofundidwa chiguduli. Tsiku loyamba achemwali anangoti, "Chija tinakwirira, chinayamba kugumuka." Iye anati, "Mwachita bwino." Anayang'ana udzu wobiriwira umene unazungulira thandalalo pakati pa bwalo louma gwa, ndi kanjira kosalala ka mapazi kochokera pageti n'kukathera pomwepo, n'kufunsa za nyamakazi. Kuyambira pamenepo ankanamizana mwaulemu. Ankabwera wopanda bokosi. Ludzu likamugwira ankati wamwa kale, ndipo achemwali sankamukakamiza.

Iye ankadziwa kuti tsiku limene adzatulutse botolo pabwalo limenelo, Lamulungu lake latha. Ankadziwanso kuti madzi apansi sadziwa chibale.

Lachisanu la mlungu wa mitambo uja anamaliza zitsime za ofesi. Pauvuni, kachipangizo kanaloza pamwamba kuposa chaka chatha. Mayi wa pawindo analandira mabotolo, n'kuwakweza m'mwamba limodzilimodzi.

"Nanga kumunsi kwa uvuni mwapezako chiyani, bambo Mabotolo?"

"Mbuzi zothawa."

Mayiyo sanaseke. "Mvula ikagwa tisanayezeko, chaka chino chapita padera. Tidzangolosera ngati anthu osaona. Palibe nyumba ngakhale imodzi imene ingakuloleni? Mulibe m'bale kumeneko?"

"Ndili naye," anatero Mabotolo. "Mmodzi."

Koma mayiyo anali atatembenuka kale, akuika mabotolo m'firiji.

Lamulungu kunacha kotentha, kopanda mphepo, nyerere zikusamutsa mazira kukwera nawo makoma. Mabotolo anasankha botolo limodzi pawindo, n'kuliunika padzuwa. Anamanga bokosi panjinga. Atafika pangodya ya khwalala la achemwali anatsika n'kuyamba kukankha pang'onopang'ono kuti m'bokosi musalire. Atayenda pang'ono anachita manyazi ndi kuzemba kwakeko. Anakweranso, n'kulunjika pamiyala. Kutsogolo kwake, bwalo ndi bwalo, ankamva malata akukwekwerezedwa.

Achemwali anali pakhonde, akusita ndi simbi ya makala. Anayang'ana njinga, anayang'ana bokosi, n'kupitiriza kusita mkono wa malaya mpaka kumapeto.

"Lero tachezeredwa ndi aofesi," anatero. "Khalani pansi, a Mabotolo."

"Achemwali, ndine ndemwe."

"Ndakuonani. Mwabwera ndi ana anu omwe." Analoza bokosi ndi simbi.

Anakhala pa mpando wake wa masiku onse. Kutali, kuseri kwa phiri la zinyalala, bingu linang'ung'udza ngati munthu wolankhula kutulo.

"Ndabwera kudzapempha madzi a m'chitsime cha bambo."

"Tinakwirira."

"Udzu uwo sunamve kuti munakwirira."

Achemwali anaimika simbi pa njerwa. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kapu yachitsulo yothothoka utoto m'mphepete, yomwe ija imene inatsitsidwa pachingwe kwa bambo m'mawa uja. Inali yodzaza mpaka pakamwa.

"Wapempha madzi. Nawa. Miyezi yonseyi ukubwera pano ndi pakhosi pouma ngati pakhomo pano pali mfiti. Ukuyesa sindinkaona? Imwa, ndione ngati ndili ndi mlongo."

Madziwo anali oyera mbee. Mabotolo anali ataona madzi oyera ambiri akupukusitsa mutu mayi wa pawindo. Anaganiza za botolo limene linali m'bokosi, koma madzi a m'kapu si oyeza, ndipo awa anali opatsidwa kuti amwe. Kapu imodzi siipha munthu. Yopha ndi ya lero, ya mawa, ya chaka chino ndi chamawa. Anagwira kapu ndi manja awiri n'kumwa yonse.

Ankayembekezera kukoma kwa dothi lozizira kumene anakula nako, kapena kamchere ndi kadzimbiri kamene ankaopa. Chimene chinakwera m'mphuno mwake linali fungo la mankhwala a pampopi.

Anatsitsa kapu, n'kuigwira pamaondo.

"Awa si a bambo."

Achemwali anatenga simbi, n'kuiuzira phulusa.

"Awa ndi a kumsewu waukulu. Achemwali, ndi miyendo yanuyo? Mumapita nthawi yanji?"

"Dzuwa likakhala paliwombo, anthu ali m'nyumba. Chigubu ndimabisa m'beseni, pansi pa zovala."

"Munayamba liti?"

Anabwezera simbi pa njerwa, n'kukhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pabondo.

"Sopo anasiya kuchita thovu. Ndinati, sopo wa masiku ano. Kenaka malaya oyera a aphunzitsi anatuluka achikasu ngati mano a wosuta fodya. Ndinachapanso, chimodzimodzi. Kenaka tiyi. Tiyi wanga ndimamudziwa, iwe."

"Nanga anthu aja a m'mawa?"

"Ndimawauza kuti aziwiritsa."

"Kuwiritsa kumapha tizilombo. Izi si tizilombo. Mukawiritsa, madzi ndi amene amachoka, izo n'kutsala mumphika."

"Usandiphunzitse pakhonde panga."

Kamphepo koyamba ka tsikulo kanadutsa, kosenza fungo la mvula ndi la kumtaya pamodzi. Zovala za pachingwe zinagwedezeka.

"Ukudziwa kuti nyumba ino imamveka bwanji masana?" anatero achemwali, akuyang'ana thandala. "Wotchi. Ndimamva wotchi yokha. M'mawa ndimadzuka chifukwa wina akugogoda geti ndi chidebe. Amandipatsa moni, amaseka mpango wanga, amandiuza amene wathawa ndi mwamuna wa yani. Mukathira simenti yanu ija adzabwera kudzatani? Kudzaona nkhalamba ikusita? Iwe unazolowera kukhala wekha. Ine sindinazolowere."

Mabotolo anafuna kunena kuti palibe amene amazolowera. Koma ananena zina.

"Mayi wa geti lobiriwira uja ali ndi khanda," anatero. "Mabere anauma, limamwa mkaka wosungunula."

"Ukundiuza ine? Ndine ndinamuperekeza kuchipatala."

"Mwina chinthucho sichinafike kwenikweni. Mwina ndi dzimbiri chabe. Botolo ndi limene linganene."

"Unalowapo pabwalo la munthu, botolo lako n'kunena zabwino?"

Anayang'ana m'kapu. Munatsala dontho limodzi.

"Kumunsi kuno, ayi."

Achemwali anadzuka. Anakhuthula makala a m'simbi, n'kuwapondaponda ndi njerwa. Anapinda malaya aja, n'kuwasanja m'beseni pamwamba pa zovala zina, n'kufundikapo pepala lapulasitiki. Anakhoma chitseko, kiyi n'kumanga pangodya ya mpango. Zonsezi anachita osamuyang'ana.

"Ndikukapereka zovala za eni ake mvula isanandipeze. Pobwera ndisakupeze."

Anasenza beseni. Atafika pageti anaima, osacheuka.

"Chingwe chili kuseri kwa chitseko cha bafa. Thandalalo mwendo wina ndi wothyoka. Usakoke, nyamula."

"Ndibwere Lamulungu?"

Geti linalira, n'kutsekeka. Anamva masilipasi awo akukwekwereza kukwera khwalala, phazi lina lolemera kuposa linzake, mpaka anasiya kumveka.

Pabwalo panati zii. Mitambo inali itafika pamwamba pa madenga, ndipo kuwala kunasanduka kwachikasu.

Mabotolo anavula jekete n'kulipachika pa njinga. Anayamba kutsitsa mbale pathandala, imodziimodzi, kuzisanja pakhonde monga mmene zinalili: zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, masupuni m'chitini. Ananyamula thandala, mwendo wothyoka uli lende, n'kuliimika pambali. Anachotsa chiguduli, n'kukoka lata.

Mpweya wozizira unatuluka n'kumukhudza kumaso. Njerwa za m'mphepete zinali zomwe zija, ndi chidindo cha chala cha bambo m'simenti ya pakamwa. Pansi penipeni panali kachidutswa kozungulira ka mitambo, ndi mutu wa munthu wa imvi.

Pamwamba pa mpanda panatulukira mitu iwiri ya amayi.

"Ngakhale cha bambo ako, iwe?" anakuwa wina. "Ulibe chisoni?"

"Musiyeni," anatero mnzakeyo. "Ameneyu angayeze ndi misozi ya pamaliro."

Mabotolo sanaseke, ndipo amayiwo nawonso sanaseke. Mituyo inatsika.

Anakatenga chingwe kuseri kwa chitseko cha bafa. Chinali chonyowa, cha mfundo zambiri. Anavala magolovesi, n'kutsitsa ndowa. Yoyamba anathira mumgolo wochapira. Yachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza kukoka ndi kuthira, chingwe chikukhula m'mphako zimene zaka zinasema pa njerwa, mpaka mgolo unadzaza ndipo mapewa anayamba kuyaka. Ndiye anatsegula bokosi, natulutsa chotungira chake choyera, n'kuchitsitsa mwakachetechete kuti chisavundule matope.

Dontho loyamba linagwa pa lata pambali pake, lalikulu ngati chala. Lachiwiri linagwa m'fumbi n'kutukula kautsi.

Anawerama kuti msana wake utchinge botolo. Anathira pang'onopang'ono mpaka madzi anatukumuka pakamwa, n'kutseka. Analitembenuza, munalibe mpweya. Analipukuta ndi malaya, n'kulembapo tsiku, n'kuligoneka pakati pa madzi oundana.

Kenaka anabwezera lata pachitsime, n'kuyalapo chiguduli. Ananyamula thandala n'kuliimika m'mapazi ake akale, mwendo wothyoka n'kuutsamiritsa pa njerwa. Mvula inali itayamba kulira padenga. Anabweza mbale, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba, masupuni m'chitini. Anakoleka chingwe kuseri kwa chitseko cha bafa. Pomaliza anatenga kapu ija pa mpando, naitsuka ndi madzi ogwa padenga, n'kuivundikira pamwamba pa mbale.